Phindu la a Mike, thukuta la a Edd

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndisiye kaye mabuku, ndikambe za pulogalamu ya pa TV. Musandithamangitse. Nayonso ili ndi atengambali, chiyambi ndi mathero, ndiye tikhoza kuisenda ngati nkhani ina iliyonse.

Wheeler Dealers inayamba ku Britain mu 2003. Ine ndinaidziwa mochedwa, pa foni ya achimwene anga omwe ndi amakaniko. Nkhani yake inkakhala imodzimodzi: a Mike Brewer agula galimoto yakale yotopa, a Edd China aikonza m'galaja, a Mike aigulitsanso. Yoyamba inali Porsche 924, ndipo ndalama zogulira ndi kukonzera zinayenera kukwanira m'mapaundi 1,000. Anasankha bwino. Galimoto imeneyi onyada amainyoza kuti si Porsche yeniyeni chifukwa injini yake ili kutsogolo ndipo inachokera kwa Volkswagen ndi Audi. Ndi ya munthu wa thumba laling'ono amene naye akufuna liwiro.

Gawo la a Edd ndiye limandikhazika pansi. Mkulu wamtali uja sathamanga. Amasula chitsulo, akuonetsani pamene dzimbiri ladya, akuuzani chifukwa chake madzi ankakhazikika pamenepo. Kamera imakhala pa manja. Ine wogulitsa tomato, amene sindidziwa ngakhale kuyendetsa, ndinamva koyamba kuti mabuleki amagwira chifukwa mafuta akukankha timapisitoni, ndi kuti mpweya ukalowa m'paipi mwendo umangomira. Olemba a m'gulu muno, onerani gawo limeneli. Munthu akamadziwa chimene akunena safuna mawu okuluwika.

Koma tikafika pa masamu, pepani, ndimakana. Kumapeto kwa zigawo zakale zija amawerenga mtengo wogulira, kuwonjezera zipangizo, kuchotsera pa mtengo wogulitsira, chotsala n'kuchitcha phindu. Nanga masiku onse a Edd agona pansi pa galimoto aja? Sanali m'masamu. Akuti chifukwa inu woonera mukhoza kugwira nokha ntchitoyo m'galaja yanu Loweruka. Eti? Ndi chonyamulira galimoto chija, ndi masipanala odzaza khoma lonse aja?

Ine ndikakaoda tomato ndimawerenga thiransipoti, wonyamula dengu, chiphaso cha msika, ndi amene aphwanyika m'njira. Ndikaiwala chimodzi ndadya mpamba ndikuseka. Pulogalamuyi imauza munthu kuti nthawi yake ndi yaulere, ndipo imamuuza mokoma moti sazindikira. Chinanso, amene amagwirana chanza ndi kasitomala n'kulandira ndalama ndi a Mike. Wogwira ntchito amatsala m'galaja ndi magolovesi ake. Sindikuwada a Mike ayi, kunenerera amatha, ndipo ifenso pamsika timadyera pakamwa pomwepo. Koma nkhani imene imapatsa wolankhula mathero, wogwira ntchito n'kumupatsa pakati pokha, yasankha mbali.

Mu 2017 a Edd anachoka. Ananena okha pa YouTube kuti opanga atsopano a pulogalamuyi ankafuna kuchepetsa gawo lofotokoza ntchito ya m'galaja, iwo n'kukana. M'malo mwawo munalowa a Ant Anstead, amenenso ntchito amaidziwa. Komabe taganizirani: chimene eni ake anaona kuti n'chodula ndi chodya nthawi ndi chomwe chija masamu a kumapeto ankati chilibe mtengo.

Kodi muionere? Onerani, makamaka zigawo zoyambirira, galaja idakali yaing'ono. Kungoti akayamba kuwerenga phindu tengani cholembera chanu. Achimwene anga sanatenge. Anagula galimoto yakufa ati miyezi itatu ikhala pamsewu. Chaka chachiwiri chino ili pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira m'mpando wa kumbuyo, ndipo mpamba wanga umene anabwereka kugulira giyabokisi sindinauonebe.