Kodi Munthu Yekha Ndiye Adziwa Imfa?

M'caka ca 1973 Ernest Becker, mphunzitsi wobadwira ku America, anatulutsa buku dzina lace The Denial of Death, ndiko kunena kukana imfa. Mutu wa nkhani yace ndi uwu: nyama ikhala ndi moyo nifa yosadziwa kanthu, koma munthu adziwiratu kuti adzafa, ndipo cifukwa ca manthawo amanga mizinda, nafuna chuma ndi mbiri, kuti dzina lace lisafe pamodzi ndi thupi. Mau awa ali olemera, pakuti mlembiyo anamwalira ndi nthenda ya kansa mu 1974, bukulo lisanalandire mphotho ya Pulitzer.

Komatu pali mbali imodzi imene Becker anaweruza msanga, asanamve mboni zonse. Mu October 2003, ku Samburu m'dziko la Kenya, njobvu yaikazi imene oyang'anira anaipatsa dzina la Eleanor inagwa pansi ndi matenda. Njobvu ya banja lina inayesa kuiutsa ndi minyanga yace, ndipo itafa, njobvu za mabanja asanu zinafika pamtembopo masiku otsatira. Momwemonso mu 2010 ku Chimfunshi, kufupi ndi Chingola, anafa nyani wa mtundu wa cimpanzi, Thomas, wa zaka 9. Anzace anasonkhana pomuzungulira ali cete, ndipo wamkazi amene anamlera anatola kaudzu nayamba kutsuka mano a wakufayo, osasamala cakudya cimene osunga nyamazo anali kuwaitanira naco. Woona zotere sangathe kunenanso kuti nyama siizindikira imfa konse.

Ngakhale ziri tero, bukulo silinagwe lonse. Kuzindikira kuti mnzako sadzaukanso ndi cinthu cimodzi. Kufunsa cifukwa cace ndi cina. Makolo a Acewa anasimba kuti Cauta anatuma Bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma iye anazengereza panjira, ndipo Buluzi anamtsogolera ndi uthenga wa imfa yosabwerera. M'nthanoyi amithenga ndi nyama, koma woipeka ndi munthu, amene mtima wace unakana kulandira imfa popanda comasulira cace. Palibe umboni wakuti njobvu isimbira ana ace kumene imfa inacokera, kapena kuti ilingalira tsiku la kufa kwa iyo mwini.

Cotero Becker analondola ponena kuti funso la imfa liri katundu wa munthu, koma analakwa poyesa kuti cisoni naconso ndi ca munthu yekha. Kulakwa kumeneku si kwakung'ono, pakuti woyesa nyama ngati mwala saona coipa pakupha njobvu cifukwa ca minyanga, nasiya mwana wace ataima pambali pa mtembo. Wowerenga bukuli aciteko bwino kuliwerenga modzicepetsa, pokumbukira kuti pa maliro munthu sali yekha.