Mavidiyo a ku Gyeongju: Golide Amamuona, Wamalonda Samutchula

Mavidiyo a anthu okayenda ku South Korea achuluka pa YouTube ndi TikTok, ndipo ambiri amapondaponda njira imodzi. Amayambira ku Amsa-dong mu Seoul, pomwe anthu ankakhala zaka pafupifupi 6,000 zapitazo m'nyumba zokumba pansi, n'kumaumba mbiya za mizere ngati yokanda ndi chipeso. Kenako sitima, waku Gyeongju, likulu la ufumu wa Silla womwe unatha mu 935. Kumeneko ajambula zitunda za manda a mafumu ku Daereungwon, amalizira ku kachisi wa Chibuda wa Bulguksa, basi vidiyo yatha. Kukongola kwake sindikana ayi. Chimene chimandisowetsa mtendere n'choti amauza woonera kuti malowa ndi okongola, koma nkhani yake amaisiya pomwepo.

Tengani manda a Cheonmachong, amene anafukulidwa mu 1973 ndipo alendo amalowa mkati. Anapezamo zinthu zoposa 11,000, kuphatikizapo chisoti chagolide komanso chithunzi cha hatchi chojambulidwa pa khungwa la mtengo. Kamera imakakamira pa golideyo. Kwathu kuno kumanda sulowako chisawawa, umayamba wapempha kwa amfumu, ndiye kuona munthu akuseka m'manda a mfumu atatukula foni kumandidabwitsa. Koma zimenezo ndi zawo eni dziko, tisaweruze.

Chimene sindingawakhululukire ndi galasi. M'manda aakulu a Hwangnamdaechong, pafupi pomwepo, munapezeka ziwiya zagalasi za mtundu wa Aroma, zochokera kutali kumadzulo. Mwa izo muli jagi imene chogwirira chake chinathyoka, eni ake n'kuchimanga ndi waya wagolide. Ganizirani bwino: golide anakhala chigamba cha galasi! Aliyense amene anaodapo katundu wosweka, makapu kapena mbale, akudziwa mmene mtima umagundira galimoto ikagwa m'dzenje. Nanga jagi imeneyi inadutsa m'manja mwa anthu angati, pa ngamila kapena pa ngalawa, kuti ifike ku Silla zaka zoposa 1,500 zapitazo? Wina anaikulunga, wina anaikirapo phindu lake, wina ananenerera mtengo. Nkhani yeniyeni ya mandawa ili pamenepo, eti, koma wojambula amangoti "onani chuma cha mafumu" ngati chinagwa kumwamba.

Ku Bulguksa nakonso amathamanga. Amati kachisi wa zaka zoposa 1,200, poti ntchito yomumanga mokulira inayamba mu 751 motsogozedwa ndi Kim Daeseong. Zoona, koma zamatabwa zinapsa pa nkhondo imene Ajapani anayambitsa mu 1592, ndipo zambiri zimene mukuonazo zinamangidwanso pambuyo pake, zina mpaka mu 1973. Zakalekale ndi miyala: makwerero ndi nsanja ziwiri, Dabotap ndi Seokgatap. Mu Seokgatap, mu 1966, munapezeka kampukutu ka malemba a Chibuda kosindikizidwa ndi matabwa osema, kamodzi mwa zosindikizidwa zakale kwambiri padziko. Ife okonda mabuku timayenera kuuzidwa zimenezi, osati kungoonetsedwa munthu akudya ayisikirimu pa geti.

Ku Amsa-dong ndiye amangodutsa mphindi imodzi. Palibe golide, ndi mbiya basi, ndipo malowo anaonekera chifukwa cha kusefukira kwa mtsinje wa Han mu 1925. Mayi amene anakanda mizere pa mbiya ija ankasungamo chakudya cha ana ake, ngati mmene agogo athu ankachitira ndi mtsuko.