Kalata ya Bolívar ya ku Jamaica

Pa 6 September 1815, Simón Bolívar analemba kalata yaitali ali ku Kingston, pa cisumbu ca Jamaica, kumene anathawira itamkanika nkhondo yolimbana ndi Spain. Anthu ambiri amaichula kalatayi monga loto la munthu wofuna kuti maiko onse a ku America amene Spain anawalamulira akhale dziko limodzi. Koma woiwerenga mofatsa apezamo zina. Bolívar anabvomera kuti maikowo ali ndi cinenero cimodzi, cipembedzo cimodzi ndi miyambo yofanana. Komabe ananena poyera kuti kuwaphatikiza onse nkosatheka, popeza atalikirana ndipo zofuna za anthu ao zisiyana. Pamenepo mpamene pali nzeru ya kalatayi.

Colakwa cace cili pa dziko limene iye analikondetsa. Anati Venezuela ndi New Granada adzagwirizana ndi kuchedwa Colombia, ndipo likulu lidzakhala Maracaibo kapena mzinda watsopano wa pamalire, wochedwa Las Casas. Mtunda umene anauopa poganiza za America yense, anauiwala pofika kwao.

Dzikolo linabadwadi pa msonkhano wa ku Angostura pa 17 December 1819. Koma likulu linaikidwa ku Bogotá, pamwamba pa mapiri a Andes, ndipo mthenga wocokera ku Caracas ankatha masabata ambiri m'njira. Akazembe a ku Venezuela, amene anakhetsa mwazi wao pa nkhondo, sanafune kumvera akalaliki okhala kutali cotero. Kalatayi siinawaganizire mokwana amuna otere, okhala ndi asilikari aoao, ngakhale kuti popanda iwo ufulu sukadapezeka. Mu 1826 José Antonio Páez anapandukira boma la ku Bogotá, ndipo mu 1830 Venezuela ndi Ecuador anapatuka.

Msonkhano wa maiko onse ku Panama, umene kalatayi inaulakalaka ngati cinthu ca m'tsogolo, unacitika mu 1826. Anafikako a ku Mexico, Central America, Peru ndi Colombia, koma pangano limene analemba linatsimikizidwa ndi Colombia yekha.

Bolívar anamwalira pafupi ndi Santa Marta pa 17 December 1830, zitatha zaka 11 zenizeni cibadwire dziko lace lija, iye atatula kale pansi udindo.