SAINT TAIL: KODI WAKUBA WOPEMPHERA TIMUCHE CIANI?

Anzanga acinyamata, pa Ciweru cina titatha kuphunzira nyimbo za kwaya, ndinapeza atsikana asanu atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chalichi, mitu ili pamodzi, maso onse ali pa foni imodzi. Anali kuonerera katuni ya ku Japan ya mtsikana wovala cisote cacitali amene amalumpha pa matenga a nyumba usiku. Patapita masiku awiri, amayi a mmodzi wa atsikanawo anandiimitsa pa msika wa pa boma pa Lundazi nati: "A Ceyamani, mwana wanga aonerera zamatsenga. Akuti mtsikana wa m'menemo amayamba wapemphera, kenaka n'kupita kukaba. Kodi inu atsogoleri muziona zimenezi?"

Sindinawayankhe pomwepo, pakuti mlandu saweruza usanamveke. Ndinabwereka mabuku ake a m'Cizungu kwa mnzanga wa ku koleji, ndinaonereranso katuniyo, ndipo lero ndifuna kukuuzani zimene ndapeza.

KODI SAINT TAIL NDANI?

Nkhaniyi inalembedwa ndi kujambulidwa ndi mayi wa ku Japan dzina lake Megumi Tachikawa. Inali kutuluka pang'ono-pang'ono mwezi ndi mwezi kuyambira mu 1994 kufikira mu 1996 m'magazini ya atsikana yochedwa Nakayoshi, yomwenso inasindikiza Sailor Moon. Pambuyo pake anaisonkhanitsa m'mabuku 7. Katuni yake ya pa wailesi ya kanema ili ndi zigawo 43, ndipo inaonetsedwa mu 1995 ndi 1996. Mabuku a nkhani za zithunzi oterewa ku Japan amawacha manga.

Mwini nkhani ndi Meimi Haneoka, mtsikana wa zaka 14 wophunzira pa sukulu ya Akatolika ya St. Paulia mumzinda wongopeka wa Seika. Masana ndi mwana wa sukulu monga anzake. Usiku amamanga tsitsi lake kumbuyo ngati mcira, nasanduka Saint Tail, wakuba amene amangotenga zinthu zimene zinabedwa kapena kulandidwa mwacinyengo, ndi kuzibwezera kwa eni ake. Amene amamuuza kumene kuli mlandu ndi mnzake Seira Mimori, wophunzira usisitere, amene anthu osweka mtima amamuuza madandaulo awo m'kachalichi ka pa sukulupo. Womuthamangitsa ndi Asuka Junior, mwana wa wapolisi wofufuza milandu, amene amakhala naye Meimi m'kalasi limodzi koma osadziwa kuti wakuba uja ndi yemwe amakangana naye masana.

ZAMATSENGA ZIJA

Ndiyambe ndi nkhawa ya amayi aja. Bambo wa Meimi ndi munthu wocita masewera ozunguza maso pa bwalo, monga aja amene amatulutsa ndalama kukhutu kwa mwana. Mwana wake anaphunzira luso limeneli, ndipo zida zake ndi mabaluni, makadi, nkhunda, nsalu ndi utsi. Saint Tail alibe cithumwa kapena mphini, ndipo palibe mzimu umene amauitana. Kwathu kuno mawu akuti matsenga amanyamula zonse pamodzi, za m'manja ndi za ufiti zomwe, ndiye cifukwa cake makolo amadzidzimuka. Pa mlandu uwu wokha, Meimi ndamupeza wosalakwa.

ZIMENE NDAYAMIKIRA

Coyamba, mlembi anatembenuza nkhani yofufuza milandu. M'nkhani zambiri zotere timafunsa kuti wakuba ndani. Muno wakuba timamudziwa kuyambira pa tsamba loyamba, ndipo cimene cimatigwira mtima ndi cakuti Asuka adzadziwa liti, nanga akadzadziwa adzacita ciani. Saint Tail amatumiziratu kalata kwa Asuka yonena cimene adzatenga, motero usiku uliwonse umakhala mpikisano wa nzeru. Mwambo umenewu ndi wakale: Maurice Leblanc wa ku France anayamba kulemba za wakuba waulemu Arsène Lupin mu 1905, ndipo olemba a ku Japan anautengera. Ifenso sitili alendo pa zimenezi. Tinakula ndi nthano za Kalulu, wamng'ono amene amagonjetsa Njovu ndi Mkango mwa kucenjera, ndipo makolo athu amakumbukirabe mmene a Julius Chongo anali kuwasungira pafupi ndi wailesi pa Poceza M'madzulo. Cosiyana ndi cakuti Kalulu amacenjerera mimba yake, pamene Meimi amacenjerera anthu ena.

Caciwiri, amene amaganiza, kukonza ndi kucita zinthu muno ndi atsikana awiri. Sadikira kuti mnyamata abwere kudzawapulumutsa. Atsikana a m'gulu lathu anandiuza kuti ici ndico cinawakopa, ndipo ndinawamvetsa. Kodi ndi nkhani zingati za m'Cinyanja kapena m'Citumbuka zimene mtsikana wa giredi 8 ndiye mwini nzeru, osati wotenga mimba kuti ena atengerepo phunziro?

Cacitatu, ndipo apa ndi pamene bukuli lili ndi mnofu, mlembi sanabise mtengo wa moyo wapawiri. Meimi ayamba kukonda Asuka, koma Asuka maganizo ake onse ali pa Saint Tail. Mtsikanayo afika pocitira nsanje cithunzi cimene anadzipangira yekha, ndipo tsiku lililonse ayenera kunamiza munthu amene amamukonda. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Aliyense wa ife amene ali ndi nkhope ina ku kwaya ndi ina pa Facebook adzadziona m'masamba amenewa. Cakumapeto mlembi abweretsanso mlandu wakale: amayi a Meimi nawonso anali wakuba pa utsikana wao, ndipo mdani wao wa nthawi imeneyo, Rosemary, abwera kudzabwezera pa mwana. Mlandu suola. Mathero ake sindikuuzani.

PAMENE NKHANI IKUTSIMPHINA

Komabe cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Vuto lalikulu ndi lakuti mlembi amapeputsa mlandu uliwonse usanayambe. Wodandaula amakhala wonena zoona, wolanda amakhala woipa moonekeratu, ndipo Seira akamva mbali imodzi sipafunikanso mboni. Kwa nkhani yofufuza milandu ici ndi cilema, cifukwa kukoma kwa nkhani zotere ndi kuona mmene coonadi cimavutira kupeza. Woimbidwa mlandu sapatsidwa mpata wokwanira woyankha.

Ndinena izi cifukwa ndinazionapo. Ndili ku sekondale, njinga ya amalume inabedwa pa cigayo. Munthu wina anatinong'oneza kuti waiona pa khonde la bambo wina m'mudzi woyandikana nawo. Ine ndi asuweni anga awiri tinapita usiku, tinaitenga mwakacetecete, ndipo tinabwerera tili kudzitama kuti tacita cilungamo. M'mawa amalume anaiyang'ana kamodzi kokha nati: "Iyi si yanga. Yanga inaocheredwa pa foloko." Tinaibweza masana, mudzi wonse ukuona, ndipo amalume analipira mbuzi kwa anyakwawa. Akanatigwira usiku uja, anthu akanatimenya osafunsa, ndipo palibe akanamvetsera zakuti tinali ndi colinga cabwino. Tsiku limenelo akuba tinali ife.

Vuto laciwiri ndi Seira. Anthu amabwera kwa iye m'nyumba yopemphereramo ndi kukhuthula za mumtima, iye n'kukaziuza mnzake popanda eni ake kudziwa. Zoona, sali wansembe, ndipo zotsatira zake m'nkhaniyi zimakhala zabwino. Koma ife amene anzathu amatiuza zinsinsi zao tidziwa kuti cinsinsi cikangotuluka kamodzi, sadzabweranso. Bukuli silifunsa funso limeneli mokwanira.

Vuto lacitatu ndi pemphero lija. Asananyamuke, Meimi amapempha Mulungu kuti amukhululukire, ndipo awiriwo amapempherera citetezo. Ndi cithunzi cokongola, ndipo cimabwerezedwa kawiri-kawiri monga kolasi ya nyimbo. Koma kulapa ndi kutembenuka. Munthu wopempha cikhululukiro atavala kale nsapato za ulendo womwewo akungopempha cilolezo. Paulo pa Aroma 3:8 akana ganizo lakuti ticite coipa kuti cabwino citulukepo. Tikumbukirenso kuti ku Japan, ngakhale Francis Xavier anafikako mu 1549, Akristu ali pafupifupi mmodzi pa anthu 100 alionse. Kwa owerenga ambiri kumeneko mtanda, sisitere ndi kachalichi ndi zokongoletsa zacilendo. N'cifukwa cake mlembi anatha kucha amayi a Meimi dzina la ukuba lakuti Lucifer popanda kuona kulemera kumene ife timaliona nako.

KOMA TISAFULUMIRE KUDZIYERETSA

Wina adzandifunsa kuti: nanga anamwino aja a pa Eksodo 1, Sifra ndi Puwa, amene anazemba lamulo la Farao napulumutsa ana? Nanga Rahabi pa Yoswa 2? Funsoli ndi loyenera, ndipo Baibulo silinawadzudzule. Koma taonani kuti iwo anali kuteteza moyo pamene mfumu yeniyeniyo ndiyo inali kupha, ndipo kunalibe khomo lina logogoda.

Funso limene Saint Tail amatisiyira ndi lowawa: n'cifukwa ciani anthu amalakalaka wakuba wabwino? Yankho lili m'midzi yathu. Tonse tidziwa amayi amasiye amene acibale a malemu anawalanda malata, ng'ombe, ngakhale mapoto, maliro asanazizire. Mwana wa amayi otero akaonerera Meimi akubweza zolandidwa, mtima wake umagunda, ndipo ine sindingamudzudzule. Koma kuno khomo logogoda lilipo. Lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 linena kuti munthu akamwalira wosalemba wilu, ana alandire magawo 50 pa 100 a cuma, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena odalira malemuyo 10. Apolisi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit imene imamva milandu ya kulanda katundu. Pali anyakwawa, mafumu ndi makhoti. Njira zimenezi zimacedwa, nthawi zina zimakhumudwitsa, koma zimamva mbali zonse ziwiri, ndipo zimacitika dzuwa likuwala. Wamasiye wa m'mudzi mwanu safuna munthu wolumpha pa denga. Afuna wacinyamata wodziwa kuwerenga amene angamuperekeze ku boma ndi kumulembera kalata.

TIWERENGE KAPENA TILEKE?

Ine ndinena kuti werengani, onererani, koma mutu uli maso. Monga nkhani ya cikondi ca acicepere ndi ya kulemera kwa bodza, Saint Tail ndi yabwino ndithu, ilibe zolaula ndipo ciwawa cake n'cocepa. Monga nkhani yofufuza milandu ndi yofooka, pakuti mayankho amabwera mosavuta. Monga mphunzitsi wa pemphero, musaitsate.

Ndinabwerera kwa amayi aja ndi kuwauza zonsezi. Anamvetsera, kenaka anati: "Ngati ndi tero, ndidzaonerera naye limodzi, koma foni izigona kucipinda kwanga." Ndiganiza kuti anaweruza bwino kuposa ine.

Pa msonkhano wanu wotsatira kambiranani mafunso awa:

1. Mukanakhala Seira, mukanacita ciani ndi madandaulo amene mwamva?

2. Kodi kutenga cinthu cako kwa amene anakubera, usiku ndi mobisa, ndi kuba? Yerekezani ndi zimene Zakeyu anacita pa Luka 19.

3. Kodi m'mudzi mwanu muli munthu amene analandidwa katundu? Gulu lanu lingamuthandize bwanji mwezi uno?

Mayankho anu tumizani kwa Mkonzi, ndipo amene atsutsana nane ndiwo ndifuna kumva coyamba.