Lionel Tertis ndi Mawu a Viola

Mu okesitira, viola imakhala pakati: pamwamba pali vayolini yotsogolera nyimbo, pansi pali cello ya mawu akuya. Kwa zaka zambiri ku Ulaya anthu ankaiona ngati chida cha amene vayolini yawakanika, ntchito yake kungotseka mipata. Amene anasintha maganizo amenewa ku England ndi Lionel Tertis, wobadwira ku West Hartlepool pa 29 Disembala 1876, tsiku lomwelo limene anabadwa Pablo Casals, katswiri wa cello. Ukulu wake, m'kuona kwanga, wagona pa kuzindikira kuti chida chopanda nyimbo zakezake chimakhalabe mlendo pakhomo, ndipo anathera moyo wake akukakamiza opeka nyimbo kuti aziilembera viola.

Umboni ulipo wochuluka. York Bowen anamulembera concerto, Arnold Bax anamulembera sonata mu 1922, ndipo mu 1925 Tertis ndiye anayamba kuimba Flos Campi ya Ralph Vaughan Williams. Anthu amenewa sanalembe chifukwa chomumvera chisoni. Anamva mawu amene makutu awo sanawazolowere. Tertis ankakweza dzanja lamanzere mpaka kumtunda kwa nsambo, kumalo kumene anzake ankaopa kufika, chala chikunjenjemera mosalekeza pa nsambo monga ankachitira Fritz Kreisler pa vayolini, kotero kuti liwu lililonse limatuluka lofunda ngati la munthu. Ankakondanso viola yaikulu kwambiri, yopangidwa ndi mmisiri Montagnana, chifukwa nsambo yotsikitsitsa ya C imafuna thupi lalikulu kuti ilire mokwanira. Mkono wake unalipira: mu 1937 anayamba wasiya kuimba pagulu chifukwa cha ululu. Pamenepo anagwirizana ndi mmisiri Arthur Richardson kupanga viola ya mainchesi 16¾, yokhala ndi mawu akuya koma yosathyola phewa.

Otsutsa amakumbutsa za 1929, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. William Walton atamutumizira concerto yake, Tertis anaibweza poiona kuti ndi yachilendo kwambiri, ndipo amene anaiimba koyamba ku London ndi Paul Hindemith. Munthu amene anakana nyimbo yomwe lero ili pakati pa zazikulu kwambiri za viola, tingamutche bwanji mpulumutsi wa chidachi? Analakwadi, ndipo iye mwini anavomereza pambuyo pake, n'kuyamba kuiimba. Komabe tifunse chimene chinachititsa Walton, mnyamata wa zaka 26, kulembera viola. Wotsogolera okesitira Thomas Beecham ndiye anamuuza kuti alembere Tertis. Popanda zaka pafupifupi 30 zimene Tertis anakhala akuonetsa kuti viola ingathe kuima yokha patsogolo pa okesitira, lingaliro limenelo silikanabwera n'komwe.

Ena amadandaula kuti ankabwereka nyimbo za zida zina, monga concerto ya cello ya Edward Elgar. Apa sindikuonapo mlandu. Woimba amene nkhokwe yake ili yopanda kanthu ayenera kupempha kwa anansi pamene akudikira zokolola zake, ndipo Elgar mwiniyo anavomereza kusinthako, natsogolera okesitira pamene Tertis ankaiimba mu 1930. Tertis anamwalira mu 1975, ndipo mu 1980 ku Isle of Man kunayambika mpikisano wa oimba viola ochokera m'mayiko osiyanasiyana, wotchedwa ndi dzina lake.