Buku la Oliver Twist ndi Moyo wa Osauka mu London Wakale

Atsogoleri a makalasi, ophunzira athu ambiri amayesa kuti ku Mangalande kunalibe umphawi ciyambire. Buku la Charles Dickens lochedwa Oliver Twist, limene linaturuka pang'ono-pang'ono m'magazini kuyambira 1837 kufikira 1839, limatsutsa maganizo amenewo.

Oliver ndi mwana wamasiye woleredwa m'nyumba ya boma yosungira amphawi, kumene anthu anali kugwira nchito yakalavula gaga nalandira phala lamadzimadzi. Tsiku lina anapempha phala lina, ndipo anamulanga ngati wakuba. Pambuyo pace anathawira ku London wapansi, nagwa m'manja mwa Fagin, nkhalamba yophunzitsa ana kuba timipango m'matumba a anthu.

Mphamvu ya bukuli iri pa zinthu zazing'ono. Dickens akutionetsa cimene ana anadya, pamene anagona, matope ndi phokoso la pa msika wa ng'ombe wa Smithfield, ndi nyumba zoola za ku Jacob's Island. Umphawi anaudziwa yekha, pakuti ali ndi zaka 12 anagwira nchito m'fakitale ya mankhwala opolishira nsapato, atate ace ali m'ndende cifukwa ca ngongole.

Koma pali zolakwa ziwiri zimene mtsogoleri asazibise. Coyamba, Oliver apulumuka cifukwa papezeka kuti ndi mwana wa banja la ulemu. Nanga anzace aja opanda mbale wolemera? Jack Dawkins, mnyamata wocenjera uja, angomutumiza kutsidya la nyanja monga mkaidi. Uthenga Wabwino sufunsa kuti mwana anabadwa kwa yani. Caciwiri, Dickens amuchula Fagin kuti Myuda kawiri-kawiri, ngati kuipa kwace kunacokera ku mtundu wace. Mai wina waciyuda anamdandaulira m'kalata mu 1863, ndipo posindikizanso bukuli mu 1867 anacotsa mau amenewa m'malo ambiri. Ife amene tikhala pamodzi, Anyanja, Ayao ndi Amakhuwa, tidziwa kuopsa kwa kumangira mtundu wonse mlandu wa munthu mmodzi.

Tsono phunziro lathu ndi ili. Mbiri yathu tikamailemba timathamangira maina a mafumu ndi nkhondo, koma za moyo wa tsiku ndi tsiku tiziiwala. Ndani walemba cimene anadya anthu olima thonje mokakamizidwa lamulolo lisanathe mu 1961? Ndani walemba kumene anagona onyamula katundu pa siteshoni ya njanji, Cuamba akuchedwa Nova Freixo? Nanga ana amene anabwera kucokera ku Malawi opanda makolo nkhondo itatha mu 1992?

Okalamba odziwa izi alipo ku Etatara, ku Ngauma ndi ku Mandimba, ena akhala m'makalasi anu omwe. Afotokozereni nthano ya Oliver m'Cinyanja, muwafunse za ubwana wao, ndipo ophunzira alembe mayankho m'makope. Zolembazo mutumize kuno.