Foni siidziwa nkhope ya mkwatibwi

M'nyumba zambiri za m'mbali mwa msewu wa Great East, kuyambira ku Chinyunyu mpaka ku Mpanshya, mukalowa pabalaza mumapeza chithunzi cha ukwati wa makolo chili pakhoma. Chimodzi chokha. Bambo aima njo, mayi agwira maluwa, onse awiri nkhope zili duu chifukwa wojambula anawauza kuti asagwedezeke. Ana awo amene akwatira zaka zino ali ndi zithunzi mazanamazana za tsiku lawo, koma khoma lawo lili mbee.

Malo amenewa ali m'boma la Rufunsa, lomwe linaima palokha mu 2012, pamene Pulezidenti Michael Sata analipatula ku Chongwe. Kuchoka paboma kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 150. Kuitana wojambula wa kamera zikuluzikulu kuchokera kumeneko ndiye kuti mumulipira ntchito yake, thiransipoti, chakudya, mwinanso pogona. Banja lomwe lagulitsa chimanga ndi mbuzi kuti lidyetse alendo silingasenze zonsezo. Ntchitoyo imagwera mphwake wa mkwati, uja ali ndi Tecno kapena Itel yatsopano. Ine sindinyoza zimenezi ngakhale pang'ono. Ndaonapo zithunzi za foni zomwe zinandigwetsa misozi. Koma ndaonanso zambiri zoonongeka, ndipo pafupifupi zonse zinaonongeka pa chifukwa chimodzi: wojambula anailekerera foni kuti iganize m'malo mwake.

Kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa foni n'kakang'ono, m'mafoni ambiri sikaposa chikhadabo. Pofuna kubisa kuchepa kumeneku, foni imajambula zithunzi zingapo m'kuphethira kwa diso, n'kuzisakaniza, n'kusankha yokha pofunika kuwalitsa, posalaza ndi ponola. Chomwe mumaona pagalasi ndi chigamulo cha foniyo. Tsono foni siinamuonepo mkwatibwi wanu.

Taganizani za ukwati wa mu Okutobala. Anthu akutuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, nthungululu zili pakamwa. Diresi ndi loyera mbuu, nkhope ndi yakuda bwino, kumbuyo kuli dothi lowala ndi malata onyezimira. Foni ikatsata diresi, nkhope imasanduka mthunzi wopanda maso. Ikatsata nkhope, diresi limasanduka chibanthu choyera chopanda ulusi ngakhale umodzi, ntchito yonse ya telala n'kufafanizika. Wodziwa ntchito amadina pankhope, n'kutsitsa kuwala pang'ono ndi chala mpaka zosokedwa za padiresi zitaoneka. Wodziwa koposa apo amapita kwa ankhoswe n'kunena mwaulemu kuti, "Akuluakulu, tiwapemphe asendere pansi pa mango apo." Mumthunzi, nkhope zitayang'ana kumene kukuchokera kuwala, khungu lakuda limaonetsa mitundu yake yonse, kufiirira kwa m'masaya ndi kunyezimira kwa pachipumi. Palibe kamera yodula yomwe ingapose mtengo wa mango pa ntchito imeneyi.

Vuto la khunguli silinayambe ndi foni. Kuyambira m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu lotchedwa Shirley, ndipo palo panali mzimayi wachizungu. Makina ankachunidwa potsata khungu lake. Zinatenga nthawi yaitali kuti opanga zipangizo avomereze zimenezi. Transsion, kampani ya ku China yopanga Tecno, Itel ndi Infinix, inakopa msika wa mu Africa mwa zina pochuna makamera ake kuti azitha kujambula nkhope zakuda, ndipo Google inatulutsa njira yake ya Real Tone mu 2021. Izi n'zabwino. Komabe m'mafoni ambiri muli kabatani kokongoletsa nkhope, kawirikawiri kotsegula kale pogula, ndipo kukongoletsa kwake ndi kuyeretsa khungu ndi kulisalaza ngati la chidole. Ndinaonapo azakhali ena atatenga foni kuti aone mwana amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Kodi uyu ndi mwana wathu uja?" Chimenecho chinandiwawa, ndipo chimandiwawabe. Mtsikana amene banja la mwamuna linamufunsira, amene alangizi anakhala naye usiku wonse, si uja wa pagalasipo. Wojambula ukwati azitseka kabatani kameneko asanachoke kunyumba kwake.

N'chimodzimodzi ndi njira ija yochititsa kumbuyo kwa munthu kuoneka mwachimbuuzi. Kamera yaikulu imachita zimenezo ndi lenzi. Foni imangoyerekeza pomwe munthu wathera, ndiye imadya m'mphepete mwa velo, imadula ndolo, nthawi zina imafufuta dzanja la mayi wogwira phewa la mwana wake. Pamudzi kumbuyo kwa chithunzi n'kofunika: nkhokwe, khonde, phiri lomwe mkwati ankadyetsako mbuzi. Adzukulu adzafuna kuziona.

Pali malo amene foni imagonja, ndipo tisabise. Dzuwa likalowa, operekeza akayamba kuvina mumzere, foni imatsegula njira yake ya usiku yomwe imafuna kuti chilichonse chiime kwa kanthawi. Wovina saima. Chotuluka ndi mizukwa ya mitu iwiriiwiri. Malick Sidibé wa ku Bamako, m'dziko la Mali, anatchuka ndi zithunzi za achinyamata akuvina usiku m'ma 1960, mpaka analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007, ndipo chomwe chinkaimitsa mwendo m'malere pa zithunzi zake chinali fulashi yamphamvu. Kagetsi ka kumbuyo kwa foni sikafika pamenepo. Chothandiza ndi kugwirizana ndi oyendetsa mwambo kuti kuvina kwenikweni kuchitike kukadali kowala, kapena kupempha mnyamata wina agwire nyale ya sola chapambali, osati kumbuyo kwa wojambula. Chithunzi cha banja lonse, anthu 60 pamzere, nachonso chimavuta: a m'mphepete amatambasuka nkhope chifukwa lenzi ya foni ndi yotakata, ndipo mukachikulitsa agogo akumbuyo amasanduka timadontho. Bwino kuwagawa, akuchimuna paokha, akuchikazi paokha.

Koma pali pena pomwe foni imapambana, ndipo apa m'pamene mtima wanga uli. Kukokera chithunzi pafupi ndi zala kumangochiononga, choncho wa foni ayenera kuyenda ndi mapazi ake mpaka pafupi. Mlendo wochokera ku Lusaka, kamera ili pakhosi ngati mtondo, akayandikira, amayi amasiya kuseka n'kukonza zitenje. Mwana wa pamudzi, kafoni kali m'manja, amamuiwala. Amalowa kukhitchini komwe nsima ikuvundulidwa mumphika waukulu, amakhalapo pa mwambo wa chilanga mulilo pamene azimayi akufika ndi mbale pamutu n'kugwada pakhomo. Ndipo amadziwa zomwe mlendo sangadziwe: kuti mayi wakhala chete pakona uja ndi amene analipira sukulu ya mkwati, kuti akulu awiri aja sanalankhulane zaka zambiri ndipo lero apatsana moni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata wongothamanga uku ndi uku, kudina paliponse, amabwerera ndi zithunzi 500 zopanda nkhani. Wodekha amaima pomwe akudziwa kuti chinthu chichitika, n'kudikira.

Kuyandikira kumeneku kuli ndi mwambo wake. Agogo akakhala pamphasa, wojambula agwade. Kuwajambula uli chilili kumawachepetsa, mutu kukula miyendo kufota, ndipo ngakhale popanda foni palibe mwana wolankhula ndi agogo ake ataimirira. Ukagwada, lenzi imakumana ndi maso awo, ulemu ndi luso zimakhala chinthu chimodzi. Ndipo alangizi akatseka chitseko, foni ibwerere m'thumba. Za m'chipinda chimenecho si za pa Facebook.

Chotsala ndi khoma lija. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa kuti chisadye mabandulo, ndipo chikadutsa m'mafoni atatu kapena anayi chimafika chitatha mphamvu, chosayenera kutsukitsa. Kuchitumiza ngati dokyumenti kumachisunga chathunthu. Foni nayo imagwa m'madzi, imabedwa, imagulitsidwa njala ikavuta. Zithunzi zomwe Alick Phiri ankajambula ku Lusaka, kuphatikizapo pa Kwacha Photo Studio yake ku Kanyama, tikuzionabe lero chifukwa zinali pa filimu ndi papepala, zinthu zogwirika zomwe munthu amatha kuzipeza m'bokosi patapita zaka 40.

Wojambula wina wa foni amene ndimalemekeza ntchito yake sanena kuti wamaliza ukwati ukatha. Mawa lake amakhala pansi ndi mkwati ndi mkwatibwi, amasankha zithunzi 12, n'kukwera minibasi kukazitsukitsa ku Chongwe. Ndinalipo tsiku lina atabwera nazo mu envelopu ya khaki. Amake a mkwatibwi anayamba apukuta manja pachitenje, anatenga chimodzi n'kuchigwira m'mphepete, anatuluka nacho pakhonde pomwe panali powala, n'kuyamba kutchula mayina a aliyense amene anali pamenepo, kuyambira kumanzere.